Kukonza ndi kukulitsa nyumba yakale pa puloti yopanikizika ku Salima

Funso lachokera kwa mayi wina wa pa boma la Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Makolo awo anawasiyira nyumba ya zipinda zitatu yomwe inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ya njerwa zootcha koma zomangira dothi, pa puloti ya mamita 12 m'lifupi ndi mamita 30 m'litali. Nyumbayo ndi ya mamita 9 m'lifupi ndi mamita 7 kuloza kumbuyo, ili pa mtunda wa mamita 6 kuchokera kumalire a kutsogolo, ndipo m'mbali mwake mwatsala mita imodzi uku, mamita awiri uko. Makoma ali ndi ming'alu ingapo ndipo denga likudontha. Mayiwa akufuna kuwonjezera zipinda zogona ziwiri, bafa ndi chimbudzi cha madzi, mwinanso kagolosale kutsogolo, ndipo mmisiri wina wawauza kuti poti malo ndi ochepa, angosanja nyumba ina pamwamba pa yakaleyo. Akufunsa ngati uphungu umenewu ndi woyenera kuutsatira.

Mayi, ndiyambe ndi nkhani ya kusanja, chifukwa ndiyo ingakuwonongereni chuma ndi moyo womwe. Musasanje pa makoma amenewo. Khoma la njerwa zomangira dothi limatha kunyamula denga la malata kwa zaka makumi ambiri osadandaula, koma silabu ya konkire ndi katundu wa mtundu wina. Konkire yodzaza kyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400, choncho silabu yochindikala masentimita 15 yophimba nyumba yanu yonse, yomwe ndi masikweya mita 63, ingalemere matani opitirira 22, tisanawerengere makoma a pamwamba, denga, mipando ndi anthu. Maziko amene bambo anu anakumba sanakumbiridwe katundu wotere. Kumbukiraninso kuti Salima ili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Nyumba yanuyo inaona chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinapha anthu ndi kusiya masauzande ambiri alibe pogona m'boma lomweli, ndipo anzathu a ku Karonga anaona zofananazo mu Disembala 2009. Nyumba yopepuka pamwamba imapirira chivomezi, pamene yolemera pamwamba koma yofooka pansi ndiyo imayamba kugwa. Njira yosanjira ilipo, koma ndi yomanga zipilala za konkire zokhala ndi maziko awoawo, zojambulidwa ndi injiniya wovomerezeka, kotero kuti makoma akale asanyamule kanthu, ndipo ndalama zake zimayandikira ku ndalama zomangira nyumba yatsopano. Inu simunafike pofunika zimenezo, chifukwa kumbuyo kwa nyumba yanu kuli mamita 17 opanda kanthu.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, muyenera kuidziwa nyumba imene muli nayo, ndipo kuidziwa kumayambira pansi. Itanani munthu wa khasu ndi piki akumbe mayenje ang'onoang'ono atatu kapena anayi m'makona a nyumba, mogundana ndi khoma, mpaka afike pomwe maziko athera. Mukatero muona ndi maso anu ngati pansipo pali konkire kapena njerwa zinangoyalidwa pa dothi, muona kuzama kwake, ndiponso muona mtundu wa dothi. Madera ambiri otsika a Salima ali ndi dothi lakuda la makande, lija limang'ambika mu Okutobala mpaka dzanja kulowa mu mng'alu, kenaka nkufufuma mvula ikagwa ndi kumamatira ku mapazi. Dothi limeneli limanyamula nyumba m'dzinja ndi kuitsitsa m'chilimwe chaka ndi chaka, ndipo ming'alu yambiri imene ndakhala ndikuiona m'dera lanu imachokera pamenepa, osati ku ukalamba wa njerwa ayi. Mayenjewo muwakwirire tsiku lomwelo ndi kusinja bwino, asagone poyera.

Ming'alu nayo ili ndi chinenero chake. Timing'alu topyapyala ngati tsitsi tomwe tamwazikana pa pulasitala si nkhani, ndi pulasitala chabe. Umene uyenera kukudetsani nkhawa ndi uja wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wochokera pa kona ya windo kapena chitseko nkupendekera pansi, wooneka mkati ndi kunja komwe, makamaka ngati ndi wotambasuka kumwamba ndi wopanikizika kumunsi. Umenewo ukutanthauza kuti mbali imodzi ya maziko yasuntha. Kuti mudziwe ngati idakasunthabe, matani kachigamba ka simenti kopyapyala, kakukula ngati chikhatho, modutsa pa mng'aluwo, mulembe deti pambali ndi pensulo, ndipo muzikayang'ana mwezi uliwonse kufikira mvula itabwera ndi kupita. Kachigambako kakakhala osasweka, mng'aluwo ndi wakale ndipo mmisiri atha kuusoka pochotsa njerwa zosweka, kuika mawaya olimbitsa khoma otchedwa bulikifosi m'mizere ndi kumanganso. Kakasweka, kapena ngati mng'aluwo ndi wopitirira mamilimita 5, muitane injiniya adzaone asanabwere wopaka pulasitala. Anthu ambiri amathamangira kumata ndi kupenta, ndipo chaka chotsatira mng'alu umabwerera pamalo pomwepo uli ndi mnzake pambali.

Tsopano za mapepala, zimene eni nyumba ambiri amazikumbukira khoma litafika pa windo. Poti nyumbayi ndi ya masiye, onetsetsani kuti umwini wake ndi wolongosoka, ndipo ngati muli ndi abale amene ali ndi gawo pa chumachi, mugwirizane polemba musanathirepo ndalama zanu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza ana onse a malemu, osati amene akukhala m'nyumbamo yekha. Kenaka fufuzani mabikoni, zizindikiro zija zozikidwa m'makona zosonyeza malire a puloti yanu. Pa puloti yotakasuka kulakwitsa ndi theka la mita kumangothera m'mawu, koma pa mamita 12 theka la mita ndi mlandu, ndipo mpanda umene ulipo lero si umboni wa malire, chifukwa mipanda yambiri inamangidwa potsata mtengo wa mango kapena mzere wa nkhadze. Mabikoni akasowa, saveya ndiye awabwezeretse, aneba onse awiri alipo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo cha chitukuko m'madera a mapulani, ndipo kukulitsa nyumba ndi chitukuko, choncho pulani yanu ipite ku khonsolo ya boma la Salima. Kumeneko ndiko akakuuzeni mpata umene muyenera kusiya kumalire. Za golosale, ndinene mwachidule kuti muyambe mwaiika pambali: kusandutsa mbali ya puloti yokhalamo kukhala ya malonda kumafuna chilolezo chakechake, mamita 6 a kutsogolowo mwina ena mwa iwo ndi a msewu, ndipo golosale ikatseka kumaso kwa nyumba imatsekanso mphepo ndi kuwala kwa pabalaza.

Pulani imene ndingakulangizeni ndi yomanga phiko lopyapyala loloza kumbuyo, kuti nyumba yonse ioneke ngati chilembo cha L. Cholakwika chimene chimachitika kwambiri pa mapuloti opanikizika ndi kumata zipinda zatsopano pa khoma lonse la kumbuyo, kuchokera kona mpaka kona. Zikatero zipinda zakale za kumbuyo zimataya mawindo ake nkusanduka mapanga, ndipo aliyense amene wagonapo ku Salima mu Novembala akudziwa tanthauzo la chipinda chopanda windo loyang'ana panja. Phiko lanu likhale kumbali imene kwatsala mita imodzi, koma mulilowetse mkati pang'ono kuti pakati pa khoma latsopano ndi malire pakhale mita imodzi ndi theka, kapena kuposerapo ngati a khonsolo atero. Zipinda ziwiri za mamita 3.5 mbali zonse, bafa ndi chimbudzi za mamita awiri pakati pake, pamodzi ndi makoma, zidzatenga pafupifupi mamita 10 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. Kutsogolo kwa zipindazo kukhale khonde la mita imodzi ndi theka, limene lidzagwire ntchito ya kolido, ndipo mutha kulitchinga ndi zitsulo ndi gozi chifukwa cha akuba ndi udzudzu. Mukawerengera, padzatsala bwalo la mamita 5 m'lifupi lophikirapo, kuchapira ndi kuyanika, ndiponso mamita 7 kumapeto kwa puloti. Chipinda chilichonse chidzakhala ndi windo ku mbali ziwiri zoyang'anana, ndiye kuti mphepo idzalowa uku nkutulukira uko.

Mpata wa mamita awiri umene uli kumbali inayo musaugwire. Ndikudziwa kuti mmisiri adzakuuzani kuti pamenepo pangakwane kasitolo kapena kabafa, ndipo zoonadi pangakwane, koma mpata umenewo ndiye msewu wa puloti yanu. Ndimo mudzadutsa wilibala ya mchenga ndi kwale pa nthawi yomanga, ndimo mudzadutsa payipi ya galimoto yopopa sepitiki thanki, ndimo madzi a mvula a kumbuyo adzatulukira kupita ku ngalande ya msewu, ndipo pa tsiku la chinkhoswe kapena la zovuta, anthu sangamadutse onse pabalaza. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina imene mwini wake anamanga mpaka kumalire mbali zonse ziwiri. Mvula yoyamba itagwa, bwalo la kumbuyo linasanduka dziwe, madzi analowera pa chitseko cha kukhitchini nkutulukira cha kutsogolo, ndipo ndinapeza mayi wa pakhomopo atakweza matumba a chimanga pa tebulo, ana akukapa madzi ndi mabeseni. Tinachita kuswa pansi pa nyumba kuti tidutsitse payipi.

Musanalembe mzere wa maziko atsopano, funsani achikulire a m'dera lanu kapena abale amene anakulira pamenepo kuti zimbudzi zakale zinali pati, dzala linali pati, ndiponso nkhuti imene anakumbamo dothi loumbira njerwa za nyumbayi inali pati. Pa puloti ya zaka zopitirira 40 pamakhala maenje okwiriridwa angapo, ndipo dothi lokwirira silibwerera ku mphamvu zake zakale. Khoma likadutsa pamwamba pa dzenje lotere limatitimira pamenepo ngakhale simenti yake ikhale yochuluka motani. Ngati simungalizembe, maziko adutsepo ngati mlatho, ndi bimu ya zitsulo yotsamira pa dothi lolimba mbali zonse ziwiri.

Ngati mwapeza makande, maziko atsopano akumbidwe mozama, osachepera mita imodzi kapena kufikira dothi litasintha, ndipo konkire yake ikhale ndi zitsulo. Dothi lakuda la mkati mwa zipinda lichotsedwe, m'malo mwake mulowe dothi la miyala losinjidwa m'magawo a masentimita 15, kenaka mankhwala a chiswe, pepala lakuda la pulasitiki ndi konkire ya pansi. Apa pali msampha umene amisiri ambiri amagwamo. Maziko atsopano akakhala ozama kuposa akale, ngalande yokumbidwa motsatira khoma lakale imachotsa dothi limene likuchirikiza khomalo, ndipo limatha kupendekeramo usiku umodzi. Pamene phiko likukumana ndi nyumba yakale, akumbe pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi pa nthawi, athire konkire, iume, ndiye apitirize. Ntchito imeneyi ndi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, osati mitambo itayamba kuda.

Mfundo imene ndimakangana nayo kwambiri ndi amisiri ndi ya polumikizira. Mwambo wawo ndi kugumula njerwa zina za khoma lakale ngati mano kuti zatsopano zilowemo, ati nyumba ikhale imodzi. Koma nyumba yakale inamaliza kukhazikika kalekale, pamene yatsopano idzatitimira pang'ono m'zaka zoyambirira, ndipo imodzi ndi ya dothi pomwe inayo ndi ya simenti. Mukazilumanitsa, yatsopano imakoka yakale, ndipo mng'alu umatuluka pomwepo, wosalongosoka, nthawi zina utang'amba ndi khoma lakale lomwe. Chanzeru ndi kusiya mpata wowongoka wa masentimita awiri kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuikamo chinthu chofewa monga stayirofomu, ndi kuuphimba ndi kathabwa kapena kachitsulo kokhomeredwa mbali imodzi yokha. Phikolo likhale ndi khoma lakelake pamenepo, lisabwereke la nyumba yakale. Chitseko cholowera ku khonde latsopano chiboolodwe pamene pali kale chitseko kapena windo, ndipo ngati mukubowola malo atsopano, lintala, bimu ija yodutsa pamwamba pa chitseko, iikidwe ndi kuuma njerwa za pansi pake zisanachotsedwe, kutali ndi kona ya nyumba.

Pa zomangira, malamulo amene anatuluka mu 2018 kudzera ku bungwe loona za zomangamanga la National Construction Industry Council (NCIC) analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo kuyambira pamenepo mabuloko a simenti afala. Ndi abwino ngati aumbidwa moyenera, koma ogulitsa ena amatulutsa mabuloko ochuluka kwambiri pa thumba limodzi la makilogalamu 50, moti buloko limafumbutuka mukalikanda ndi msomali. Liyeseni musanagule. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi wosalala kwambiri pa konkire. Funani wa kumtsinje, wokhakhala. Thirani mchengawo m'botolo loonekera mkati mpaka theka, mudzazitse ndi madzi, mukhutchumule ndi kulisiya usiku wonse. Matope adzakhala pamwamba pa mchenga, ndipo akachuluka moonekeratu, lole imeneyo ibwerere. Konkire ya bimu ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, ndipo iyenera kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7. Kutentha kwa ku Salima kumaumitsa konkire isanakhwime, ndipo mmisiri akakuuzani kuti yauma kale, dziwani kuti kuuma ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tibwerere ku nyumba yakale, imene ndikufuna kuti ilandire ndalama zoyamba, phiko lisanayambe. Poti denga likudontha, mulisasule m'chilimwe, ndipo umenewo ndiwo mwayi wanu umodzi woika ring'i bimu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse, a kunja ndi a mkati, wokhala ndi zitsulo zinayi za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zomangidwa ndi maring'i pa masentimita 20 alionse. Lamba ameneyu ndiye amagwira makoma kuti asatasuke pa chivomezi kapena dothi likasuntha, ndipo nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilibe. M'konkiremo mumizidwe mawaya kapena zitsulo zomangira matirasi, chifukwa mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa mvula imanyamula denga lonse limene linangosanjikidwa pa njerwa. Ngati nkotheka kwezani makoma ndi mizere iwiri kapena itatu kuti siling'i ifike mamita atatu, ndipo siyani maventi okhala ndi gozi kuti mpweya wotentha wa m'denga uzituluka. Matabwa onse akale abayidwe ndi sikuludilaiva. Limene chiswe chalidya mkati limaoneka labwino kunja koma limabowoka ngati chigumu. Gulani malata a geji 28, osati opyapyala a geji 32, ndipo denga lituluke kunja kwa khoma ndi masentimita 60 kuti liteteze njerwa ku mvula ndi dzuwa. Mukapeza malata kapena siling'i ya asbestos, asaidule kapena kuiswa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Ainyowetse ndi kuichotsa yathunthu.

Pamene denga latsopano likukumana ndi lakale pamakhala ngalande ya malata imene imalandira madzi a mbali ziwiri, ndipo pamenepo ndi pomwe nyumba zokulitsidwa zambiri zimadontha. Ikhale yotakasuka, yotsetsereka bwino, ndipo muziichotsa masamba mvula isanayambe. Denga la phiko lipendekere ku bwalo lanu, osati kwa aneba, kapena ngati mbali ina ikutsikira kumalire, madzi ake alandiridwe ndi kutsogoleredwa ku msewu. Kuzungulira nyumba yonse kukhale konkire ya mita imodzi m'lifupi yopendekera kunja, ndipo dothi la panja likhale lotsika ndi masentimita 15 kuyerekeza ndi pansi pa nyumba. M'mataunimu misewu ndi mabwalo zimakwera pang'onopang'ono ndi zaka mpaka nyumba yakale imatsala m'dzenje, ndipo mukaona penti ikusupuka ndi tinthu toyera ngati mchere m'munsi mwa khoma, gwero lake nthawi zambiri ndi limeneli. Khoma la dothi lotere musalikute ndi pulasitala wa simenti yambiri, amene amatsekera chinyontho mkati. Akokote dothi la m'mizere mozama masentimita awiri, ndipo amate ndi matope osakaniza simenti pang'ono, laimu ndi mchenga. Maluwa othirira ndi mitengo ya mizu yambiri zichoke m'mphepete mwa khoma.

Chimbudzi cha madzi chimabwera ndi sepitiki thanki ndi sokawe, dzenje lomwetsa m'nthaka madzi otuluka m'thankiyo, ndipo malo ake ndi mamita 7 aja a kumapeto. Thanki italikirane ndi maziko ndi mamita osachepera atatu, sokawe mamita asanu, ndipo muganizirenso maziko a aneba a kumbuyo. Makande samwa madzi msanga, choncho kumbani dzenje loyesera, muthiremo madzi ndi kuona ngati aphwa. Akagona momwemo mpaka mawa, sokawe wamba sadzagwira ntchito, ndipo padzafunika ngalande yaitali ya miyala. Ngati pali chitsime pa mtunda wochepera mamita 30, chanu kapena cha aneba, madzi ake asamwedwenso. Mapaipi akale a chitsulo asinthidwe onse kuchokera pa mita ya Central Region Water Board, chifukwa payipi yodontha pansi pa dothi pafupi ndi maziko imaononga kuposa mvula. Mawaya a magetsi a zaka zimenezo asangolumikizidwa ku zipinda zatsopano. Munthu wa chiphaso cha MERA awayeze ndi kuika bokosi latsopano la mabuleka, ndipo mita ya ESCOM asasunthe wina aliyense kupatula eni ake.

Ndalama zikakhala zobwera pang'onopang'ono, monga zimakhalira kwa ambirife, chaka choyamba chithere pa mapepala, denga, ring'i bimu ndi kuchotsa madzi kuzungulira nyumba yakale. Chaka chachiwiri mumange maziko ndi makoma a phiko mpaka kufolera, chifukwa makoma osafolera amene agona pa mvula pa dothi la makande amayamba kung'ambika munthu asanagonemo. Malata, zitsulo ndi mafelemu mutha kugula nkusunga, koma simenti mugule ntchito ikayandikira, popeza m'chinyontho cha kunyanja imayamba kuundana m'thumba pakangotha miyezi iwiri kapena itatu. Mgwirizano ndi mmisiri ulembedwe, malipiro agawidwe pa maziko, pa windo, pa bimu ndi pa denga, ndipo gawo lomaliza alandire mvula yoyamba itagwa, inu mutaimirira pansi pa ngalande ya padenga ija nkuona kuti siling'i yauma.